MIZINGA YA ZOMBO ZAZIKULU ZA NKHONDO: MBIRI YA WARSPITE

Anthu amene amapyola pa Mangochi amaona, pafupi ndi nsanja ya koloko, mzinga waung'ono umene unachotsedwa m'sitima ya Guendolen. Sitima imeneyo ndiyo inaoloka nyanja yathu m'mwezi wa Ogasiti 1914, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, nikafika pa Sphinxhaven, pamene lero pamatchedwa Liuli, ndi kuombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann imene inali itakwezedwa pamtunda kuti ikonzedwe. Olemba mbiri amaiwerenga nkhondo yaing'onoyo pakati pa nkhondo zoyamba za pamadzi za Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Chipolopolo cha mzinga wa pa Mangochiwo munthu akhoza kuchinyamula ndi dzanja limodzi. Koma m'mwezi womwewo, kutali ku Devonport m'dziko la Britain, amisiri anali pa kalikiliki kutsiriza chombo china chimene chipolopolo chake chimodzi chinali kulemera mapaundi 1,920, ndiko kunena kuti kuposa matumba 17 a chimanga a makilogalamu 50. Dzina la chombocho linali Warspite.

Warspite inali ya mtundu umene Angelezi amautcha battleship, ndiye kuti chombo chachikulu koposa pa zombo zonse za nkhondo, chovekedwa chitsulo chochindikala ndi kunyamula mizinga yaikulu. Kuyambira 1906 kufikira 1945 mphamvu ya dziko pa nyanja inali kuyesedwa powerenga zombo zotere, monga momwe chuma cha munthu chinali kuyesedwa powerenga ng'ombe za m'khola mwake. Mabuku a mbiri amachulutsa mau pa kukula kwa mizinga ndi kulemera kwa zitsulo, ndipo ana a sukulu amakondwera nazo. Koma pali funso lina limene munthu aliyense wosunga ndalama za boma amafunsa pa chinthu chodula: kodi chinagwira nchito imene anachigulira? Kuti tiliyankhe titsata moyo wa Warspite, popeza inamenya nkhondo zonse ziwiri, ndipo palibe chombo china chimodzi cha Angelezi chimene chinalandira ulemu wa nkhondo zambiri kuposa iyo.

CHIYAMBI CHA MPIKISANO

Mpikisano womanga zombozi unayamba ndi Dreadnought, chombo chimene Admiral Fisher anamangitsa ndipo chinatha mu 1906. Zombo zakale zinali kunyamula mizinga yaikulu 4 yokha pamodzi ndi ina yambiri yosiyanasiyana kukula kwake. Dreadnought inanyamula mizinga 10 yofanana, uliwonse kamwa lake la mainchi 12, ndipo injini zake zatsopano zinali kuithamangitsa kuposa zinzake zonse. Tsiku limene inalowa m'madzi, zombo zonse zakale, za Angelezi eni ake zomwe, zinasanduka zachabechabe. Motero Britain, imene inali patsogolo kwambiri, inadzibwezera yokha pa chiyambi pa mpikisano, ndipo Germany inayamba kumanga zake mwa liwiro. Chodabwitsa ndi chakuti Dreadnought, imene inasokoneza maiko chomwechi, sinamize chombo ngakhale chimodzi ndi mizinga yake. Mdani yekha amene inamiza anali sitima yoyenda pansi pa madzi, U-29, mu Malichi 1915, ndipo inaimiza poigunda ndi mphuno yake.

Warspite ndi zinzake zinai, Queen Elizabeth, Barham, Valiant ndi Malaya, zinamangidwa pamene Winston Churchill anali nduna yoyang'anira zombo za nkhondo. Zinali ndi zachilendo ziwiri. Choyamba chinali mizinga 8 ya mainchi 15, imene inaitanitsidwa isanayesedwe mokwanira, pofuna kupambana Ajeremani. Chachiwiri chinali chakuti ng'anjo zake zinali kutentha mafuta okhaokha m'malo mwa malasha. Britain inali ndi malasha ochuluka koma mafuta inalibe, ndipo chifukwa cha ichi boma linagula, mu 1914, gawo lopyola theka la kampani ya Anglo-Persian Oil. Awerengi amene amatsata nkhani za mafuta a ku Middle East aone apa umodzi wa mizu yake. Warspite yokha inadya ndalama zoposa £2,500,000 za masiku amenewo. Ndalama zomangira Malaya sizinachoke ku London ai. Zinaperekedwa ndi maboma a ku Malaya amene anali pansi pa Angelezi, ndipo dzina la chombocho linachokera pamenepo.

MZINGA NDI KAOMBEDWE KAKE

M'litali Warspite inali pafupifupi mapazi 640, kuposa Ilala zitatu ndi theka zitandondozana. Chitsulo cha m'nthiti mwake, pamene madzi amalekezera, chinali chochindikala mainchi 13. Amalinyero ndi asilikali okhalamo anali oposa 1,000. Mizinga inaikidwa iwiriiwiri m'nyumba zinai zachitsulo zotha kuzungulira, ziwiri kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo, ndipo mzinga umodzi wokha unali kulemera pafupifupi matani 100.

Chimene munthu amaona pa chithunzi ndi mutu chabe wa nyumba ya mizingayo. Thunthu lake limatsika ngati chitsime kufikira pansi penipeni pa chombo, kumene kuli nkhokwe za zipolopolo ndi za wonga. Chipolopolo cholemera chotere palibe munthu angachinyamule. Makina ndiwo anali kuchikweza ndi kuchikankhira m'mzinga, ndipo pambuyo pake pankalowa wonga wa cordite wolemera mapaundi oposa 400, womangidwa m'matumba anai a silika. Anasankha silika chifukwa amapsa yense osasiya khala limene lingayatse wonga wotsatira. Anthu ozolowera nchitoyo anali kutha kuomba kawiri pa mphindi imodzi. Koma mkati mwa mzinga munali kuperepeseka ndi moto, ndipo utaomba zipolopolo 300 ndi kanthu unali kufunika kuchotsedwa ndi kuikapo wina.

Chovuta chenicheni sichinali kuponya chipolopolo kutali, koma kulasa. Taganizani mlenje ali m'bwato logwedezeka ndi mafunde, ndi kufuna kulasa nyama yothamanga imene ili pa mtunda wa mamailosi 10, imene akungoiona ngati kadontho m'chizimezime. Chipolopolo chimakhala mumlengalenga nthawi yaitali ndithu, ndipo pamene chikugwa mdani amakhala atasuntha kale. Chifukwa chake oomba mizinga sanali kuona mdani konse. Pamwamba pa mlongoti panali kukhala ofisala ndi magalasi ake oyezera mtunda. Iye anali kutumiza manambala ku chipinda cha pansi, kumene makina owerengera anali kuphatikiza liwiro la zombo zonse ziwiri, mphepo ndi mtunda, ndi kuuza nyumba za mizinga pamene ziyenera kuloza. Mizinga ikaomba, ofisala uja anali kuyang'ana pamene madzi athovokera, ndi kukonza kalozedwe kotsatira. Ngakhale panali luso lonseli, pa nkhondo ya Jutland, mwa zipolopolo zazikulu 100 zilizonse, pafupifupi 3 zokha ndizo zinalasa. Zina zonse zinagwera nsomba.

TSIKU LA JUTLAND

Nkhondo imene zombozi anazimangira inachitika kamodzi kokha, pa 31 Meyi 1916, m'nyanja ya North Sea kufupi ndi Jutland. Angelezi, motsogozedwa ndi Admiral Jellicoe, anatuluka ndi zombo 151 za mitundu yonse. Ajeremani, motsogozedwa ndi Admiral Scheer, anali ndi 99. Madzulo a tsikulo, pamene gulu lake linali kukhota kuti lilowe mumzere, chiwongolero cha Warspite chinakakamira. Chombocho chinachoka mumzere nichizungulira kawiri pamaso pa zombo za Ajeremani, zonse zikuchithira moto. Chinalasidwa ndi zipolopolo zazikulu zoposa 10, ndipo anthu 14 anafa. Amalinyero a chombo china chovulala, Warrior, anapulumuka chifukwa adani anachisiya nalunjika pa Warspite, ndipo anayesa kuti mnzaoyo wachita dala kuti awatchinjirize. Warspite inabwerera yokha ku Rosyth ili yobookabooka. Vuto la chiwongolero silinaithere moyo wake wonse.

Chitsulo chake chinaipulumutsa. Zombo zina zitatu za Angelezi, Indefatigable, Queen Mary ndi Invincible, zinali za mtundu wa battlecruiser, umene unali ndi mizinga yaikulu koma chitsulo chopyapyala kuti uzithamanga. Moto unatsika kuchokera m'nyumba za mizinga kufika ku nkhokwe za wonga, ndipo chilichonse chinaphulika nichimira m'kanthawi kochepa, ndi anthu pafupifupi onse. Pofuna kuomba mofulumira, amalinyero anali ataunjika matumba a wonga m'njira ndi kusiya zitseko zotsekula. Chimene chinawapha kwenikweni chinali wonga wao womwe.

Angelezi anataya zombo 14 ndi anthu 6,094. Ajeremani zombo 11 ndi anthu 2,551. Ajeremani analengeza kuti apambana, ndipo powerenga manambala okha sanali kunama. Koma anabwerera ku madoko ao, ndipo nyanja inatsala m'manja mwa Angelezi, amene anapitiriza kutsekereza chakudya ndi katundu kuti zisalowe m'Germany. Apa tiyenera kuziweruza mwachilungamo zombo zazikuluzi. Nchito yao yaikulu pa nkhondo yoyamba zinaigwira zili chiimire pa nangula, monga galu woopsa amene angogona pakhomo mbala nkulephera kulowa. Njala imene inagwa m'Germany inathandiza kwambiri kuthetsa nkhondo. Kumapeto kwa Okutobala 1918 amalinyero a Chijeremani atalamulidwa kutulukanso, anakana. Zombo zao zinakaperekedwa kwa Angelezi, Warspite ili pakati pa zoziperekeza, ndipo pa 21 Juni 1919, ku Scapa Flow, eni ake anamiza okha 52 mwa zombo 74.

Nkhondo itatha maiko anaona kuti mpikisano watsopano uwasaukitsa. Pangano la ku Washington la 1922 linalamula kuti chombo chisapyole matani 35,000, mzinga usapyole mainchi 16, ndi kuti pa zombo 5 za Britain ndi 5 za America, Japan ikhale ndi 3. Popeza kumanga zatsopano kunaletsedwa, zakale zinakonzedwanso. Pakati pa 1934 ndi 1937 Warspite inalandira injini zatsopano, chitsulo china pamwamba pake, mizinga yoombera ndege, ndipo mizinga yake yaikulu inakonzedwa kuti izitukuka kwambiri ndi kuponya kupyola mayadi 30,000.

ZAKA ZA ULEMERERO

Zinthu zimene Warspite imakumbukiridwa nazo zinachitika m'miyezi 12 yokha. Pa 13 Epulo 1940 inalowa m'khwawa lopapatiza la nyanja ku Narvik, m'dziko la Norway, malo oopsa kwa chombo chachikulu chotere, pamodzi ndi zombo zazing'ono za mtundu wa destroyer. Pofika madzulo ma destroyer 8 a Ajeremani anali atatha, ena omizidwa, ena otayidwa ndi eni ake atatha zipolopolo. Tsiku lomwelo kandege kakang'ono kamene Warspite inali kunyamula kanamiza sitima yoyenda pansi pa madzi, U-64, ndiponso ndiko kanali kuuza oomba mizinga pamene adani abisala.

Kuchoka kumeneko inapita ku Mediterranean nikakhala chombo cha Admiral Cunningham. Pa 9 Julayi 1940, kufupi ndi Calabria, inalasa chombo chachikulu cha Ataliyana, Giulio Cesare, pa mtunda wa mayadi pafupifupi 26,000, ndiwo makilomita 24, ngati kuchokera mu Lilongwe kufika ku Lumbadzi. Kufikira lero kulasa kumeneku kumawerengedwa pakati pa kwakutali koposa kumene chombo choyenda chinalasa chinzake choyenda. Chinali chipolopolo chimodzi chokha, ndipo Giulio Cesare sinamire. Koma Ataliyana anatembenuka nabwerera kwao.

Usiku wa pa 28 Malichi 1941, kufupi ndi Cape Matapan kumwera kwa Greece, mizinga inagwira nchito yake mokwanira, ndipo nkhani yake ndi yochititsa nthumanzi. Masana ndi madzulo ndege za Angelezi zinalasa zombo ziwiri za Ataliyana ndi mabomba oyenda m'madzi otchedwa topido, ndipo chimodzi, Pola, chinaima osatha kuyenda. Zinzake ziwiri, Zara ndi Fiume, zinabwerera mumdima kudzachithandiza, osadziwa kuti Warspite, Valiant ndi Barham zili pafupi. Angelezi anali ndi radar, makina oona mumdima; Ataliyana analibe. Pa mtunda wosakwana mayadi 4,000 nyali zazikulu zinayatsidwa mwadzidzidzi, ndipo m'mphindi zowerengeka Zara ndi Fiume zinasanduka malawi, mizinga yao isanatembenuke nkomwe. Ataliyana oposa 2,000 anafa usiku umenewo. Tisaiwale kuti chimene chinagwira nyamayo mwendo inali ndege, mizinga inangotsiriza.

MUTU UKAKULA SULEWA NKHONYA

Chenjezo linali litaperekedwa kale. Pa 11 Novembala 1940 ndege 21 za mtundu wa Swordfish, zopangidwa ndi timitengo tachitsulo tokutidwa ndi nsalu, zinalowa usiku pa doko la Taranto ndi kupundula zombo zazikulu zitatu za Ataliyana. Ndege ziwiri zokha ndizo zinatayika. Chaka cha 1941 chinabwereza phunziro lomwelo mpaka wogontha anamva. Pa 22 Meyi, kufupi ndi chilumba cha Crete, bomba la ndege linagwera Warspite nilipha anthu 38, ndipo chombocho chinayenda ulendo wautali kukakonzedwa ku Bremerton m'dziko la America. Sabata lomwelo chombo cha Ajeremani, Bismarck, chinamiza Hood, ndipo mwa anthu 1,418 atatu okha anapulumuka. Koma Bismarck, yokhala ndi mizinga 8 ya mainchi 15 monga Warspite, inagwidwa chifukwa topido imodzi ya Swordfish inaononga chiwongolero chake, ndipo pa 27 Meyi inamizidwa.

Abale ake a Warspite anaona zakuda chaka chomwecho. Pa 25 Novembala sitima yoyenda pansi pa madzi inalasa Barham, imene inapendekeka niphulika, ndipo anthu oposa 800 anafa. Pa 19 Disembala Ataliyana 6 okha, atakwera pa matopido monga munthu akwerera njinga, analowa pansi pa madzi m'doko la Alexandria ndi kumata mabomba pa Queen Elizabeth ndi Valiant; zonse ziwiri zinakhala miyezi yambiri osagwira nchito. Kum'mawa nako ndege za Ajapani zinakantha zombo za America pa Pearl Harbor pa 7 Disembala, kumene pa Arizona pokha panafa anthu 1,177. Patapita masiku atatu zinamiza Prince of Wales ndi Repulse kufupi ndi gombe la Malaya. Zombo za ku Taranto ndi ku Pearl Harbor zinapezedwa zili pa nangula, ndipo okonda mizinga anali ndi podzikanira. Koma Prince of Wales chinali chombo chatsopano, chili pa nyanja yapoyera, chikuthamanga ndi kudziteteza. Singapore, imene zombo ziwirizo zinatumizidwa kukateteza, inagwa mu Febuluwale 1942.

M'chaka chimenecho Warspite inafika kufupi ndi kwathu kuno. Inakhala chombo cha Admiral Somerville m'nyanja ya Indian Ocean, ndipo pamene zombo za Ajapani zonyamula ndege zinakantha Ceylon mu Epulo 1942, Angelezi anaona kuti sangalimbane nazo, nasamutsira zombo zao zakale ku Kilindini, pa Mombasa. Mphamvu zija zimene zinali kuopsa dziko lonse zinali tsopano kubisala. Pa 30 Meyi kasitima kakang'ono ka Ajapani koyenda pansi pa madzi kanalasa Ramillies, chombo china cha mizinga ya mainchi 15, chili m'doko la Diego Suarez ku Madagascar, ndipo chinakakonzedwa ku Durban. Mu Seputembala Warspite inali pakati pa zombo zotchinjiriza asilikali otsikira pa Madagascar. Pakati pa iwo amene anayenda pansi kuchokera ku Majunga kukalanda Tananarive panali asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland. Chilumbacho chinalandidwa ndi miyendo ya anthu.

NCHITO YOTSIRIZA

Nchito imene inatsalira mizinga yaikulu inali yoombera pamtunda. Linga la simenti silithawa, ndipo ndege zikateteza kumwamba, chombo chimatha kuima kutali ndi kuliphwanya mofatsa. Mu Seputembala 1943 asilikali a Britain ndi America amene anatsikira pa Salerno, m'dziko la Italy, anapanikizidwa mpaka kutsala pang'ono kukankhidwira m'nyanja, ndipo Warspite ndi Valiant zinaitanidwa kudzaombera Ajeremani. Pa 16 Seputembala ndege inaponya bomba la mtundu watsopano, Fritz X, limene munthu wa m'ndege anali kuliwongolera ndi wailesi likugwa. Sabata imodzi m'mbuyomo bomba lotere linali litamiza Roma, chombo chatsopano cha Ataliyana. Limene linagwera Warspite linaboola kuyambira pamwamba kufikira pansi, ndipo madzi okwana matani 5,000 analowa. Anthu 9 anafa. Chombocho chinakokedwa ndi zingwe mpaka ku Malta chilibe mphamvu iliyonse. Bomba limenelo ndilo kholo la zida zowongoleredwa zimene tikumva m'nkhani za nkhondo masiku ano.

Boma silinaone chifukwa choikonzera mokwanira. Dzenje la pansi linatsekedwa ndi simenti, chipinda chimodzi cha ng'anjo chinasiyidwa, ndipo nyumba imodzi ya mizinga sinaombenso. Ndi mizinga 6 yotsalayo Warspite inaima kufupi ndi gombe la Normandy m'mamawa wa pa 6 Juni 1944 nikaombera malinga a Ajeremani. M'masiku awiri inaponya zipolopolo zoposa 300. Mizinga itaperepeseka inanyamuka kupita ku Rosyth kukasintha, koma pa 13 Juni inagunda bomba lotcheredwa m'madzi. Anaikonzanso mwa changu, niyenda motsimphina kukaombera Brest ndi Le Havre, ndipo pa 1 Novembala 1944 inaomba kotsiriza pa chilumba cha Walcheren, pothandiza kutsekula njira ya ku doko la Antwerp. Asilikali a pamtunda anali kuiyamika nchito imeneyi ndi mtima wonse, ndipo inapulumutsa miyoyo yambiri. Koma sitingabise kuti Fisher ndi Churchill sanamangire zombo zao nchito yotere. Inali nchito imene zombo zotsika mtengo, zonyamula mizinga iwiri yokha, zinalinso kuigwira.

Iwo amene anakhulupirira kukula kufikira mapeto anali Ajapani. Yamato ndi Musashi zinali zolemera matani oposa 70,000 chilichonse zitadzaza, ndi mizinga 9 ya mainchi 18.1, yaikulu koposa yonse imene inaikidwapo pa chombo, yoponya chipolopolo cha mapaundi oposa 3,000 pa mtunda wa makilomita 42. Palibe chimodzi mwa ziwirizi chimene chinaomberana ndi chombo chachikulu cha America. Musashi inamizidwa ndi ndege pa 24 Okutobala 1944. Usiku wotsatira, pa Surigao Strait ku Philippines, zombo zazikulu zinaomberana zokhazokha kotsiriza m'mbiri ya dziko, ndipo zambiri za ku mbali ya America zinali zomwe zija zinavulazidwa pa Pearl Harbor nizikonzedwanso. Yamato inatumizidwa ku Okinawa pa ulendo wosabwerera, ndipo pa 7 Epulo 1945 ndege mazana zinaimiza pamodzi ndi anthu pafupifupi 3,000. Aamereka anataya ndege 10.

Pangano logonja la Japan linasainidwa pa 2 Seputembala 1945 pa chombo cha America, Missouri, m'doko la Tokyo, pakuti pa mwambo ndi ulemu palibe chinafanana ndi zombozi. Chotsiriza cha Angelezi, Vanguard, chinatha nkhondo itapita, chitavekedwa mizinga yakale ya m'nthawi ya nkhondo yoyamba. Ulendo wake wodziwika ndi uja chinanyamula Mfumu George VI ndi banja lake kupita ku South Africa mu 1947, ndipo chinaphwasulidwa mu 1960. America yokha ndiyo inasunga zake zinai za mtundu wa Iowa, za mizinga 9 ya mainchi 16, nizitulutsa nthawi ndi nthawi kukaombera magombe: ku Korea, ku Vietnam, ndipo kotsiriza pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991, pamene Missouri ndi Wisconsin zinaponyanso zida zowongoleredwa za Tomahawk. Ngozi ya wonga sinathe ai. Mu Epulo 1989 nyumba ya mizinga ya pa Iowa inaphulika pa nthawi yophunzira nipha anthu 47. Missouri inapumitsidwa mu 1992, ndipo zinai zonsezo tsopano ndi malo oonerako zakale.

Warspite sinapeze mwai umenewo. Panali ena amene anapempha kuti isungidwe, koma Britain inatuluka m'nkhondo ili ndi ngongole zambiri, ndipo chombocho chinagulitsidwa kwa ophwasula zitsulo. Mizinga yake itachotsedwa ku Portsmouth, inanyamuka mu Epulo 1947 ikukokedwa kupita ku Faslane m'dziko la Scotland. Panjira namondwe anauka, zingwe zinaduka, ndipo chombocho chinakatsakamira pa matanthwe a Prussia Cove, pa gombe la Cornwall. Anthu ochepa amene analimo anapulumutsidwa ndi bwato lochokera pamtunda. Kwa zaka zitatu amisiri analephera kuichotsa. Mu 1950 anaisuntha mtunda waufupi kufika kufupi ndi St Michael's Mount, ndipo pomwepo anaidula pang'onopang'ono kufikira 1955.